Kompyuta ya malemu isazime

Mlamu wa mayi wina wamasiye, mbava yopanda manyazi, ndi amene anachotsa dala intaneti pa kompyuta ya malemu mwamuna wa mayiyo kuti wamasiyeyo atope ndi shopu yosindikiza makalata. Kenako anati abwera kudzanyamula makinawo poti ndi a malemu mkulu wake.

Mayiyo anaitana mng'ono wake wokonza makompyuta, chifukwa m'makinamo munali ntchito za makasitomala ndi zithunzi zonse za ana.

"Tangozimitsa uyatsenso, iwe," anatero.

"Ayi achemwali. Ikazima idzafuna pasiwedi, ndipo bambo a ana anapita nayo kumanda. Kapulogalamu koyendetsa netiweki ndikalowetsa ili chiyakire."

Mng'onoyo analemba mzere umodzi, intaneti n'kubwerera. Anasamutsira zonse mu laputopu yake, osasiyamo kanthu.

Mlamu anafika ndi wilibala, mimba patsogolo.

"Musandivute, katundu ndi wathu uyu."

"Tengani alamu, ndine ndani ine?" anayankha wamasiyeyo.

Mayiyo anagwada mwaulemu pansi pa tebulo n'kuzula yekha chingwe cha magetsi. Anamuthandizanso kukweza, n'kufunditsa makinawo nsalu kuti asalowe fumbi.

"Ikakufunsani pasiwedi, mukawafunse akulu anu. Manda si mukuwadziwa?"