Bowo la Pawaya wa Bwana Wapampando

Panali munthu wina, mayi wodziwa kukonza mapulani a misewu ya mumzinda, amene anatsala pang'ono kutaya ntchito yomwe anaigwira mpaka kumera imvi, chifukwa chokana kusaina pulani imodzi. Amene anandiuza nkhaniyi ankagwira naye ntchito, ndiye musati ndapeka.

Mayiyu ndiye anali mkulu woona poima mabasi, poika maloboti ndi powolokera anthu. Anzake ankamutcha Mayi Mapazi, chifukwa asanajambule kalikonse ankayamba wapita kukaona pamene udzu waferatu ndi mapazi a anthu. Ankati njira amayambitsa ndi oyenda, katswiri amangotsatira.

Tsiku lina wapampando wa khonsolo anamuitanitsa. Pakati pa depoti ya mabasi ndi chipatala panadutsa msewu waukulu, ndipo anthu ankagundidwapo kawirikawiri. Bwanayo anali atangobwera kumene kuchokera kunja, m'foni mwake muli chithunzi cha mlatho wa oyenda pansi, wautali, wa masitepe okhotakhota.

"Ndikufuna wotere," anatero bwanayo. "Tiumange kumtunda kuja, aliyense wolowa mumzinda aziuona. Pakati pa msewu timangepo waya kuti osamvawa asiye kudumpha."

"Bwana, amene amawoloka pamenepo ndi odwala, amayi oyembekezera ndi okalamba oyendera ndodo. Munthu watsika basi, geti la chipatala akuliona apo, sangapite kumtunda kukakwera masitepe. Tiike maloboti pageti pomwepo, tikwezenso msewu kuti magalimoto azichepetsa liwiro."

"Maloboti ndani angajambulitse nawo? Mayi, tsobola wakale sawawa. Sainani."

"Dzina langa pamenepo silikhalapo."

"Mukudziwa amene mukuyankhula naye?"

"Ndikudziwa, Bwana. Cholembera ndingakubwerekeni, koma dzanja ayi."

Sabata isanathe anamuchotsa muofesi mwake n'kumuponya m'kachipinda kopanda zenera kosungiramo zikwangwani zakale. Anamuuza kuti akapepesa abwerera pampando wake, apo ayi chaka chikatha aone msana wa njira. Zinamupweteka kwambiri, makamaka poona kuti amene anasaina m'malo mwake anali katswiri yemwe iye mwini anamuphunzitsa ntchito.

Mlongo wake atamva anathamangira kunyumba. "Achemwali, kodi mlathowo aumanga pabwalo panu? Ingopepesani, kupepesa sikugulula mano."

"Achimwene, ndikapepesa kwa iyeyo, kwa amene adzagundidwe adzapepesa ndani?"

Mlatho unamangidwa, unapakidwa penti yowala. Wapampando anadula kansalu pansi pa masitepe, anajambulitsa, n'kulowa m'galimoto. Penti isanaume n'komwe, munthu wina anadula waya moyang'anizana ndi geti la chipatala. Akhonsolo anatseka. Anthu anadulanso. Choipa kwambiri, madalaivala atamva kuti oyenda pansi ali ndi mlatho wawo, anayamba kuponda moto kuposa kale.

Mayi Mapazi sanatseke pakamwa. Ankalowa m'misonkhano imene sanaitanidwe n'kufunsa kuti waya uchoka liti. Wapampando ankangouza alonda kuti amutulutse, iye ankatuluka yekha, mutu uli m'mwamba, sabata yotsatira n'kubweranso.

Ndiye masana ena bwanayo analandira foni yoti mwana wake wamkazi athamangira naye kuchipatala chija, matenda a uchembere avuta. Galimoto yake inafika mbali ya depoti n'kukanirira mumdipiti wa magalimoto. Pokhotera panalibe, waya wake uja unatseka. Bwana anatsika. Anayang'ana mlatho, uli kutali kumtunda. Anayang'ana geti, lili apo. Kholo lililonse likanachita zimene iye anachita: anathamangira pabowo.

Koma bowolo analidula anthu opanda mimba ngati yake. Jekete linakodwa, iye analikoka mwamphamvu, n'kudzandira mpaka mumsewu. Njinga yamoto inamupeza pomwepo. Amene anamunyamula kulowa naye pageti anali osamva omwe aja.

Mwana wake anachira bwinobwino, koma mwendo wa bwana unathyoka pawiri. Ali gone m'chipatalamo, mwendo uli m'chikhakha, anatumiza uthenga kwa Mayi Mapazi. Mayiyo anabwera, anapereka moni mwaulemu, koma mpando anaukana.

"Mayi, mawa bwererani muofesi mwanu," anatero bwanayo motsitsa mawu. "Zopepesa zija tiziiwale. Kungoti nkhani ya mmene ndinavulalira ithere momuno."

"Pepani ndi mwendo, Bwana. Koma ine sindinabwere kudzapempha ofesi."

Anapita pazenera n'kukoka katani. Pansipo mayi wina wobereka mwana kumbuyo anali atawerama pabowo, akudikira mpata, magalimoto akumupemerera mphepo kumaso.

"Uyo alibe dokotala womudikira pageti ngati inu. Waya uchoke, maloboti ayake, ndipo mukanene nokha pamaso pa khonsolo yonse chifukwa chake. Zikapanda kutero, ndichotseni lero, musadikire chaka chithe."

"Mukufuna mundichititse manyazi?"

"Manyazi sathyola mwendo, Bwana."

Wapampando anayang'ana pazenerapo nthawi yaitali mpaka mayi uja atawoloka. Kenako anapempha foni yake.

Waya unachotsedwa, maloboti anayaka pageti, ndipo Mayi Mapazi anabwerera pampando wake osapepesa kwa aliyense. Bwanayo anakanenadi ku khonsolo, atatsamira ndodo. Ndodoyo akuyendera mpaka lero, ndipo madokotala anamuletsa kukwera masitepe.

Phunziro: Udindo umakupatsa mphamvu yolamula, koma sukupatsa maso a amene anaipenya ntchitoyo moyo wake wonse, wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo iwe wodziwa choona, usabwereketse dzanja lako pa chinthu chopha anthu. Tumizani nkhaniyi kwa mabwana onse amene msewu amangouonera pagalasi la galimoto.