Shedi ya a Stipe M'munsi mwa Tsamba

Panali munthu wina dzina lake Lovre, mnyamata wophunzira zamalamulo mumzinda wa Split, kudziko lina lakutali. Amene anandiuza akuti zinachitikadi. Lovre anali m'gulu la ophunzira amene amakonza okha magazini ya malamulo a panyanja. Gululo lili ndi mwambo wake: chilichonse chimene wanena, umboni wake uuike m'munsi mwa tsamba.

Iye analemba nkhani yoti anthu ambiri anamanga popanda chilolezo m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, pamalo amene lamulo limati ndi a aliyense. Umboni sanakausake patali. Amalume ake, a Stipe, omwe anamulera, anali ndi shedi yokonzeramo maboti pachilumba cha kwawo, madzi akuchita kunyambita khoma. Shediyo ndiyo inkawadyetsa. Lovre anaijambula, n'kuika chithunzicho m'munsi mwa tsamba pamodzi ndi dzina la doko limene panali shediyo.

Mkonzi wamkulu, mtsikana wotchedwa Zrinka, atachiona anamuitana.

"Iwe Lovre, mutu ukuyenda? Shedi iyi si ya amalume ako? Chotsa chithunzichi."

"Si ndiwe umangoti umboni, umboni? Ndiye ndakupatsa. Komanso kamagazini kathuka amawerenga ndani? Ife tomwe ndi amayi athu. Nawonso amangoyang'ana dzina basi."

"Chabwino. Koma ndanena."

Magazini inatuluka, aphunzitsi anayamikira, Lovre n'kumayenda mapewa ali m'mwamba. Chimene sanadziwe n'choti munthu wina wachuma ankafuna kumanga hotela pafupi ndi doko lomwelo, ndipo shediyo inkamutchinga. Loya wake anaipeza nkhaniyo pa intaneti, n'kupita nayo kwa akuluakulu oona za zomangamanga. Sanavutike kufotokoza. Mwana wa pakhomopo anali atalemba kale zonse, mwadongosolo.

Akuluakuluwo analamula kuti shediyo igumulidwe. Tsiku logumula, Lovre anakwera boti la m'mamawa. Anapeza chimakina chitamaliza kale. Anaimirira pamenepo osamva chilichonse, chisoni ayi, mantha ayi, ngati dzanja loti waligonera. A Stipe ankatola zida zawo m'zibuma.

"Amalume, ine sindinkadziwa kuti..."

"Ponda uko, pali misomali. Nkhani yako ija, aphunzitsi anaikonda?"

"Anaikonda."

"Unalemba zoona?"

"Zoona, amalume."

"Basi, sukulu sitinakutumize pachabe. Tandipatsira hamala iyo."

Lovre anawapatsira. Sanamukalipire tsiku limenelo, sanamukalipirenso tsiku lina lililonse. Pano a Stipe amakonza maboti a eni hotela ija, monga waganyu.

Phunziro: Osamati palibe amene awerenge. Chimene wasindikiza chimafika ngakhale kwa amene sunamuganizire. Amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma nthawi zina nkhwangwayo imatera m'mutu mwa amene anakulera. Mnzako akakuchenjeza, mvera. Tumizirani ophunzira onse amene mukuwadziwa, makamaka anzeru kwambiriwo.