Mulu wa Malemu Gharib

Sefa inagwedezeka, mchenga n'kutsika, pamwamba n'kutsala mkanda wina wobiriwira. A Mabruk anautola, naupukuta pamkanjo wawo, nauponya m'mbale momwe munali kale inzake yambiri.

"Winanso uwu," anatero. "Amene anataya dothi limeneli ankakumba atatsinzina kapena?"

Amuna onyamula madengu anaseka. Tantawi yekha ndiye sanaseke.

Nyengo yozizira inali itangoyamba, ndipo ntchito pamanda akale a kutsidya kwa mtsinje wa Nailo inali itatsegulidwanso. Chaka chino Dokotala Nihal, mayi woyang'anira malowo, sanafune kuboola pansi msanga. Anati ayambe ayeza dera lonse, akhome zikhomo, asefenso milu ya dothi imene okumba akale anataya. Ananenanso kuti nyengoyi ikamatha adzasankha kapitawo watsopano, poti a Mabruk mawondo anali atayamba kuwakana. Oyembekezera ndodo ya ukapitawo anali awiri: Sabri, mwana wa a Mabruk, ndi Tantawi, mwana wa malemu Gharib.

A Mabruk ndi Gharib anali a mudzi umodzi. Anakumbapo pano ali ndi mphamvu zawo, aliyense ndi gulu lake, khoma lakale lili pakati pawo. Khomalo mchenga unalimeza kalekale, koma a Mabruk sankakayika: Gharib ankataya dothi lake mbali ino. Ndipo chinkawawawa n'chakuti mpaka lero, wina akafukula chinthu osachikanda, anthu ankati, "Ameneyu ali ndi dzanja la Gharib." Za dzanja la Mabruk palibe ankanena.

Dzuwa litafika pamutu, m'sefa munatsala kachifanizo ka munthu, kakang'ono ngati chala. Mutu kanalibe. Pakhosi pake panali bala la khasu, lakalekale, lodera ngati dothi lomwe.

A Mabruk anakakweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Adokotala, tabwerani muone dzanja la Gharib lija. Kanthu aka kanagona bwinobwino zaka zikwi, n'kudzadulidwa mutu ndi katswiri wa kwathu."

Dokotala Nihal anasiya makina ake oyezera nabwera. Anakatembenuza m'manja mwake.

"Amalume," anatero Tantawi motsitsa mawu, "tiyeni tizisiye izi. Akufa sayankha. Tiyi wapsa, tiyeni mukakhale pamthunzi."

"Wamva, Sabri? Mnzako akundigula ndi tiyi." A Mabruk analoza muluwo ndi ndodo. "Adokotala, ntchito yathu ino ndi ya m'magazi. Mwana amagwira khasu monga analigwirira bambo ake. Ndikupempheni chinthu chimodzi pamaso pa amuna onsewa. Mwana wa amene anaunjika mulu uwu asadzagwire ndodo iyi."

"Mukutsimikiza zimenezo, bambo Mabruk?" anafunsa Dokotala Nihal.

"Ndalumbira pa Mulungu amene anandilenga."

"Chabwino. Koma ine sindiweruza ndi zokumbukira za munthu. Ndidziwa bwanji mwini mulu?"

A Mabruk anamwetulira. Akapitawo a kumudzi kwawo anali ndi mwambo. Asanakhuthule dengu loyamba pamalo atsopano, kapitawo ankaviika dzanja lake mu utoto wofiira, n'kudinda pamwala, n'kuugoneka chafufumimba, kuti odzabwera m'tsogolo adzadziwe kuti dothi ili linakumbidwa kale, ndiponso ndi yani. Okalamba ankazindikira manja amenewa ngati nkhope.

"Kumbani mpaka pansi," anatero a Mabruk.

"Amalume, ndakupemphani," anatero Tantawi. "Abambo anandionetsa malo ano ndili mwana. Ndodoyo mupatseni Sabri, ine ndilibe nayo mawu. Koma mwalawo usiyeni ugone."

"Taonani, manyazi amugwira. Kumba, Sabri, mwana wanga. Kumba wekha."

Sabri anavula malaya, nayamba kudula muluwo pakati. Madengu anayenda, fumbi linakwera. A Mabruk anakhala pampando atatsamira ndodo yawo, akumwa tiyi uja pang'onopang'ono. Anali asanamwepo tiyi wokoma chonchi. Ankaganiza za mawu amene akanene kumudzi, pabwalo la mzikiti, Lachisanu likubwerali.

Khasu linagunda chinthu cholimba. Sabri anagwada, nasesa mchenga ndi manja, nagwira m'mphepete mwa mwala wafulati. Amuna onse anaunjikana mozungulira. Tantawi anatembenuka n'kuyang'ana kumapiri.

Sabri anautembenuza mwalawo. Utoto unali udakali wofiira ngati wadzulo, ndipo dzanja linkaoneka bwinobwino, la zala zinayi.

Gharib analowa m'manda ndi zala zake zonse. A Mabruk anakokera dzanja lawo lamanja, losowa chala chimodzi, m'kati mwa mkono wa mkanjo, koma Sabri anali ataliyang'ana kale.