Bambo amene anadula zaka khumi ndi ziwiri

Panali munthu wina wosenza matumba ku depoti ya simenti, anzake ankamutcha Chitsulo. Wotsutsa atsutse, koma bambo ameneyu ankanyamula matumba atatu pamutu, lachinayi m'khwapa, uku akuimba mluzu. Tsiku lina lole itakana kulira, anaikankha yekha mpaka pageti, dalaivala osadzuka n'komwe.

Ali ndi zaka 58, akuluakulu a kampani analengeza kuti mafayilo akale adyedwa ndi chiswe, choncho aliyense alembetsenso chaka chobadwa kuti chilowe mu kompyuta ndi pa chiphaso chatsopano. Chitsulo anawerenga pa zala. Zinatsala zaka ziwiri zokha kuti apume, ndipo penshoni siifika ngakhale theka la malipiro. Anapita kukagula utoto wakuda wa tsitsi.

"Atate ake, mukufuna kunamiza ndani?" anafunsa mkazi wake akumugwirira galasi. "Pepala livomera, koma mawondo sadziwa kuwerenga."

"Inu mayi, gwirani galasi bwino. Ine ndidzapuma ndikadzatopa."

Kwa kalaliki anadula zaka khumi ndi ziwiri nthawi imodzi, nkhope ili gwa. Kalaliki anayang'ana pamndandanda wa ana.

"Ndiye mwana wanu woyamba munabereka muli ndi zaka 8?"

"Kwathu timakula msanga."

Kalaliki anaseka mpaka misozi, kenako anadinda.

Zaka zinayenda. Mng'ono wake, yemwe Chitsulo ankamubereka kumbuyo ali khanda, anapuma pantchito, nalandira penshoni ndi khadi la okalamba lotengera mankhwala ulere kuchipatala. Loweruka lililonse ankabwera kudzamunyogodola.

"Moni, mng'ono wanga. Limbikira ntchito. Ukadzakula udzapuma ngati ine."

Poyamba ankaseka onse. Koma matumba atatu aja anasanduka awiri, awiri n'kusanduka limodzi, ndipo limodzilo ankalitula kawiri asanafike palole. Mng'ono wake anasiya nthabwala ija popanda womuletsa.

Chitsulo atakwana zaka 70 zenizeni, pepala likuti 58, anati basi, ndipirire ziwiri zokha. Mwezi womwewo antchito anaitanidwa pabwalo la depoti. Bwana anawerenga kalata yochokera kuboma: okalamba achuluka, safa msanga ngati kale, ndipo achinyamata oponya m'thumba la penshoni ndi ochepa. Kuyambira tsiku limenelo, kupuma ndi zaka 65. Khadi la kuchipatala nalonso 65.

Anthu anang'ung'udza, ena kutukwana. Chitsulo anavala chipewa chake n'kubwerera kukasenza.

Anadwala shuga, magazi nawo n'kuyamba kuthamanga. Mankhwala ankamwa ochuluka moti akamayenda ankamveka ngati chisekese, ndipo onsewo ogula. Malipiro amene anadulira zaka aja ankathera pawindo logulitsira mankhwala. Mkazi wake anafukula khadi la ubatizo pansi pa sutikesi, lachikasu ndi ukale, n'kumuikira m'thumba la malaya.

"Pitani mukanene zoona. Manyazi sapha."

Anapita kwa mkulu woona za antchito, naliyala pa tebulo. Mkuluyo anatembenukira kuwindo.

"Madala, pepala limeneli ndikaliona, ndiye kuti zaka zonsezi mwakhala mukulandira malipiro mwachinyengo. Penshoni ithera pompano, nkhani ipita kupolisi. Tsono mundiuze nokha: ndaliona kapena sindinalione?"

Chitsulo anayang'ana khadi lija.

"Simunalione, bwana."

Analipinda n'kutuluka. Kunyumba mkazi wake anangoona khadi lija likubwerera mu sutikesi.

Kapitawo anamumvera chisoni, namuchotsa pamatumba n'kumupatsa tsache. Anasesa zaka zitatu. Utoto anasiya kugula, chifukwa fumbi la simenti linkayeretsa mutu wa aliyense chimodzimodzi. Lachiwiri lina m'mawa, kutatsala miyezi inayi kuti pepala likwane 65, anamupeza ali chigonere pakati pa milu ya matumba, tsache lili m'manja, pakamwa patapindika.

Kuchipatala dokotala anafunsa mkazi wake zaka za wodwala.

"76."

Dokotala analemba. Mayiyo anatenga pepala kupita pawindo lolipirira.

"Chiphaso chikuti 64, mayi. Alipira zonse."

"Adokotala alemba 76."

"Adokotala amawerenga thupi. Ine ndimawerenga chiphaso. Wotsatira."

Anagulitsa makina ake osokera. Anagulitsa bedi. Masiku asanu ndi limodzi amenewo ankagona pansi pa bedi la wodwala, ndipo sanalire ngakhale kamodzi. Chitsulo analankhula tsiku limodzi lokha, mawu akutuluka mbali imodzi ya pakamwa.

"Lero ndi lachingati?"

"Lachinayi."

"Mwawauza akapitawo?"

"Ndawauza."

"Asandidule tsiku."

Lamlungu anamwalira.

Kumaliro kampani inatumiza mnyamata wa tayi, amene ananena kuti depoti yataya munthu akadali ndi mphamvu, imfa yamulanda msanga. Anthu odziwa anazolika. Patatha mwezi kunabwera kalata: popeza malemu anamwalira asanafike zaka zopumira, penshoni ya mwezi ndi mwezi palibe, mkazi wawo alandire kangachepe kamodzi kokha. Mwana wamkulu anawawerengera mayi ake kawiri. Mayiwo anagwedeza mutu, nafunsa pofunika kudinda chala.

Phunziro: Zaka ungazidule papepala, koma thupi limasunga zake ndipo silimva za chidindo. Abale anga, nthawi yopuma ikakwana pumani, ngakhale penshoni ili yochepa, chifukwa lamulo limasuntha koma msana subwerera. Ndipo mkazi wako akakuchenjeza, mvera, ndi iyeyo adzaime pawindo. Nkhaniyi isathere pa inu. Itumizeni kwa bambo anu, amalume anu, ndi aliyense amene imvi zake zinasowa mwadzidzidzi.