Goloboyi wa Malaya Oyera

"Wagwiranso! Magazi anga amenewo!" anakuwa Réjean, akuloza goloboyi wa malaya ofiira amene anali chigwadire pa ayezi.

Ghislaine anangomuyang'ana cham'mbali. Mwamunayu anawathawa mwana wawo Loïc akukwawa, ndipo ku masewera a mwanayo a hoke, mpira wa ndodo wa pa ayezi, sanapondeko. Lero, atamva zoti kwabwera mkulu wosaka osewera aluso, ndi uyu wadzikhazika pafupi ndi mlendoyo ngati kholo lenileni.

"Ndinamuphunzitsa ndekha, bwana, dziwe likaundana," anapitiriza Réjean. "Nanga taonani winayo wa zoyera. Dengu lobooka! Bambo ake akamulembetse kwaya basi."

Masewera atatha, goloboyi wa zoyera uja anavula chigoba chakumaso n'kuwakwezera dzanja amayi ake. Anali Loïc.

"Anasintha timu chaka chatha," anatero Ghislaine.

Mlendoyo anadzuka. "Ndabwerera ameneyo. Anzake ndi ofooka, koma iye watchinga zambiri. Kholo lake lili kuti?"

Réjean anayamba kunyamuka, akukonza jekete.

"Khalani pansi, bambo," anatero Ghislaine. "Wanu ndi wa zofiira uja."