Ngamila Yomaliza ku Al Furjan

Atafika pa ngamila ya khumi ndi chiwiri, Selina anaima kumanzere monga mwa masiku onse. Kumanja kunalibe munthu.

Ziboliboli za ngamila zopakidwa utotozi anaziimika m'mapaki kuti zikagulitsidwa zithandize ana odwala. Iye ndi Phoebe, mnzake wogwira ntchito ya m'nyumba, ankatsatira kamapu Lamlungu lililonse, n'kujambulitsa pa ngamila imodzi. Lachinayi lapitali mabwana a Phoebe anamukweza ndege kumubweza kwawo osamulola n'kutsanzika komwe.

"Tiyeni, madam, sunthirani pakati," anatero mlonda amene Selina anamupempha kuti amujambule.

"Ayi, apo pali mwini wake."

Mlondayo anayang'ana pamalo popanda munthupo, n'kujambula, n'kubwerera kumthunzi.

Selina anakhala pansi, n'kutsegula kontena. Munali mandazi anayi, poti manja anali atazolowera kukazinga a anthu awiri. Kwawo ku Balaka munthu sayamba kudya asanaitane wina. Anayang'ana uku ndi uku, koma kunkangodutsa magalimoto otseka magalasi.

Anakweza kontenayo kukamwa kwa ngamila.

"Karibu, achemwali," anatero. "Pandekha sakulowa."