Mpando Wozungulira wa a Pulofesa

"Chisankho chichitika, koma osati chaka chino," anatero a Pulofesa, akupukuta magalasi ndi tayi. "Nkhaniyi ikufunika kafukufuku."

Dokotala, mphunzitsi mnzawo pa yunivesite, mayi amene maphunziro a zandale anawaphunzira kwa bambo omwewa, anapsa mtima. Mkulu wa dipatimenti amayenera kusankhidwa zaka zitatu zilizonse, koma awa anali atakhalitsa mpaka mpando unachita kuwadziwa matako.

Dokotala anasolola m'chikwama buku limene a Pulofesa analemba okha, lodzudzula atsogoleri okakamira pampando, n'kuyamba kuliwerenga mokweza pamaso pa aphunzitsi onse.

"Mwanangu, pamenepotu ndinkanena mayiko," anadandaula a Pulofesa, "osati dipatimenti."

Aphunzitsi anaseka mpaka misozi. Anavota tsiku lomwelo, Dokotala n'kupambana.

M'mawa mwake analowa mu ofesi ya mkulu wa dipatimenti. Munali kapeti, kafiriji, ndi chimbudzi chakechake chokhala ndi kiyi. Anakhala pampando wachikopa, n'kuuzunguza kumanja, kenako kumanzere. Msana umene unkamusautsa chiyambire ntchito unangoti zii.

Mlembi anagogoda, n'kusuzumira.

"Mayi, aphunzitsi akuti tilengezeretu tsiku la chisankho chotsatira, kuti zija zisadzachitikenso."

Dokotala anayang'ana buku lija patebulo, n'kulikankhira m'dirowa yapansi. Anavula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono ndi nsonga ya mpango.

"Kawauzeni asathamange," anatero, akuzungulirabe. "Nkhaniyi ikufunika kafukufuku."